Pakhonde pa Azakhali: Yandigwetsa ndi Timu Imodzi Yokha

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 27, ndimakhala ku Kafue Estates ndipo ndimagwira ntchito pafakitale ina. Ndili ndi chibwenzi ku Shikoswe, akwawo malowolo anatchula kale. Kuti ndalama ikwane msanga ndinayamba kubetcha mpira pafoni. Sindibetcha mwachisawawa ayi. Ndimasankha matimu 12 amphamvu okhaokha, a ma odds aang'ono cha m'ma 1.50, n'kuikapo K100. Onse atawina ndingalandire pafupifupi K13,000. Koma kawiri konse tsopano matimu 11 awina, imodzi yokha n'kundigwetsa. Anzanga ena akuti pali munthu akundiponda, ena akuti mtsikanayu ndiye wabwera ndi tsoka. Kodi ndipite kwa aneneri, kapena ndimusiye?

Wotsala pang'ono kulemera, Estates

Mwana wa achimwene anga,

Foniyo uike pansi kaye, sithawa. Ndiye ukuti mwana wa eni ali phee ku Shikoswe, akusadzula ndiwo za amayi ake, ndiye anauza goloboyi wa ku England kuti ataye mpira mphindi yomaliza? Ngati ali ndi mphamvu zotero, mkwatire mawa lomwe, usadikirenso malowolo. Mkazi wolamula mpira wa ku Ulaya ali pambaula sapezeka wamba.

Tsoka lako lili m'masamu, ndipo masamu ake ndi a giredi 7. Nambala ija umaitcha odds si ulosi wa mmene mpira uthere. Ndi mtengo. Amayi ogulitsa nsomba kumsewu wopita kumlatho wa Kafue amagula kwa asodzi pamtengo wina, n'kukugulitsa iwe pamtengo wina, phindu lawo lili pakatipo, ndipo kaya nsombayo ukaipsereza kaya ikakoma, iwo zawo zayenda kale. Kampani yobetchetsa imagwira ntchito chimodzimodzi. Sichemerera Arsenal, sidana ndi Chelsea. Imakugulitsa mwayi pamtengo wokwera kuposa umene mwayiwo uyenera.

Pofuna kudziwa chimene nambalayo ikunena, tenga 100 ugawe ndi nambalayo. Odds ya 2.00 ikupatsa 50, ndiye kuti pa mipira 100 yotere timuyo ikuyembekezeka kuwina 50. Ya 5.00 ikupatsa 20. Ya 1.25, imene anyamata inu mumati «iyi ndi ndalama yaulere», ikupatsa 80, kutanthauza kuti kamodzi pa kasanu kalikonse idzakugwetsa, popanda mfiti kapena chibwenzi kuikapo dzanja. Ya 1.50 yakoyo ikupatsa 67. Timu imene ukuti ndi yamphamvu, mwini kampani akukuuza poyera kuti pa mipira itatu, umodzi siwina.

Tsono phindu lawo amalibisa motere. Tinene iwe ndi mnzako mukubetcha pa kandalama kaja amaponya m'mwamba oyimbira mpira usanayambe. Iwe wasankha mbali iyi ndi K100, mnzako mbali inayo ndi K100. Mwachilungamo wowina anayenera kutenga K200 yonse, ndiyo odds ya 2.00. Koma kampani ilemba 1.90 uku, 1.90 uko. Wowina atenga K190, K10 yatsala m'thumba mwa munthu amene sanavutike n'kuyang'ana komwe kuti kandalamako kagwa chotani. Ukafuna kudzionera wekha, tsegula mpira uliwonse pamene alemba 1, X ndi 2, ndiye kuti eni bwalo awine, alepherane, kapena alendo awine. Tinene alemba 2.10, 3.20 ndi 3.40. Gawa monga ndakuuza muja, upeza 48, 31 ndi 29. Phatikiza. Zikukwana 108, pomwe mwayi wonse wa padziko lapansi suposa 100. Ka 8 kapamwambako ndi nsima yawo.

Iwe ndiye unachita kuwonjeza. Ukamanga matimu 12 patikiti imodzi, ma odds amachulukitsana, n'chifukwa chake K100 imaoneka ngati K13,000 maso ako n'kutuzuka. Koma kagawo ka kampani nako kamachulukitsana. Ngati pa timu iliyonse akudula K5 pa K100, pofika timu ya 12 amakhala atadula pafupifupi K46. Ka bonasi kamene amawonjezera pa tikiti yaitali kamabweza pang'ono chabe. Ukuganiza kuti amakupatsira chiyani bonasi pa tikiti yaitali osati pa yaifupi? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndakuwerengera tikiti yakoyo ndi pensulo kuseri kwa kalendala. Mwayi woti matimu onse 12 awine ndi kamodzi pa matikiti pafupifupi 240. Ukamabetcha tikiti imodzi Loweruka lililonse, zimenezo ndi zaka zinayi ndi theka, utataya K24,000 pofuna K13,000. Mtsikanayo adzakhala atabereka ana awiri kwa mwamuna wina wa ku Zambia Compound. Koma mvetsera ichi, chifukwa ndicho chakugwira pakhosi: mwayi woti 11 awine imodzi yokha ilephere ndi kamodzi pa matikiti 35. Kugwa ndi timu imodzi kumachitika kasanu ndi kawiri kuposa kuwina. Si chizindikiro chakuti wayandikira. Tikiti yotere ndi yoluza ngati ina iliyonse, kungoti imapweteka mokoma, ndipo ndi imene imakudzutsa m'mawa Loweruka linalo kukaika Airtel Money. Mnyamata aliyense pamzere wa kabuthu ka mobile money ku Estates ali ndi nkhani ya timu imodzi imene inamulanda galimoto.

Popeza ndikudziwa kuti susiya lero, bola udziwe zimene ukudinazo. Ambiri amalira chifukwa chosawerenga. Kubetcha kwa 1, X, 2 kumathera pa mphindi 90 ndi timphindi towonjezera ta oyimbira. Nthawi yapadera ndi mapenate mulibemo. Pa 12 February 2012 ku Libreville, Chipolopolo itatenga chikho cha Africa, dziko lonse linavina mpaka m'mawa. Koma mpira uja ndi Ivory Coast unatha 0-0, tinawina pa mapenate 8-7, Stoppila Sunzu ndiye anamaliza. Munthu amene akanaika ndalama pa «Zambia iwine» akanavina ali woluza, wa X ndiye akanalandira. Kuti Zambia inyamule chikho ndi kubetcha kwina, kwa mtengo wakenso.

Zinazi ndikuphunzitsa ndi mwana wathu wa m'Kafue momwe muno, Patson Daka, wochokera ku Kafue Celtic. Mu October 2021, Leicester City inapita ku Moscow kukakumana ndi Spartak. Spartak inatsogola 2-0. Kenaka Daka anamwetsa zigoli zinayi yekha, mpira n'kutha 4-3. Wa over 2.5 anawina, chifukwa imeneyo imangofuna zigoli zitatu kapena kuposa, kaya wagoletsa ndani. Theka lija analiikapo dala kuti pasakhale kukangana. Wa under 2.5 anali atalira kale asanapumule. Wa GG, yoti matimu onse awiri agoletse, anawina. Wa double chance, amene amatenga mbali ziwiri mwa zitatu pamtengo wotsika, anawina ngati Leicester inalimo. Koma amene anatenga Leicester pa handicap ya -1.5, ndiye kuti anavomera kuti timu yake iyambe ndi ngongole ya chigoli chimodzi ndi theka. Inafunika kuwina ndi zigoli ziwiri kapena kuposa. Inawina ndi chimodzi. Daka zinayi, Kafue yonse ikufuula, munthu ameneyo ndalama yapita. Ndipo amene anachita mantha pa 2-0 n'kudina cash out, anagulitsa tikiti yake kwa kampani pamtengo wa nyenyeswa. Cash out si chifundo. Ndi kubetcha kwachiwiri, ndipo amadulaponso.

Ukamva a ku England akuti 5/1, ndi 6.00 yathu yomweyi: K1 ibala K5, n'kubweranso K1 yako. Nkhani imene anyamata mumaikonda ndi ya Leicester yomweyo mu 2016, pamene inatenga ligi ili pa 5000/1. Inachitikadi. Imasimbidwabe mpaka lero chifukwa zotere sizichitika. Usaiwalenso kuti nambala yonenepa imene imaoneka pansi pa tikiti a msonkho a ZRA amakhala asanatengepo gawo lawo.

M'kalata mwako sunatchule masewera a kandeke, koma ndikukudziwa. Aviator ija inapangidwa ndi kampani ya Spribe mu 2019, ndipo eni ake amalemba okha kuti pa K100 iliyonse yoikidwa imabweza K97. Zimamveka zochepa, koma kandekeko kamauluka timasekondi chabe, ndiye K100 yomweyo umaizunguza kambirimbiri usiku umodzi udzudzu ukukudya, ulendo uliwonse ikusiya K3. Sikakumbukira kuti kagwa msanga kasanu, kuti tsopano kakuchitire chisoni. Ndipo uja wa pa WhatsApp amene akugulitsa «ma fixed» pa K150, dzifunse chifukwa chake munthu wodziwa zotsatira za mawa akupempha K150 kwa mnyamata wa ku Estates. Amauza theka la anthu kuti eni bwalo awina, theka lina kuti alendo. Amene zawayendera amabweranso ndi K300.

Kwa aneneri usapite, angakudye K100 ina. Nyumba mukukhalamozo anamanga a INDECO chifukwa cha antchito a Nitrogen Chemicals ndi Kafue Textiles, fakitale ya feteleza itayamba kugwira ntchito mu 1970, ndipo azigogo ako amene analowamo ankapereka malowolo pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro a mwezi. Malowolo sathera tsiku limodzi, akwawo a mtsikana akudziwa zimenezo. Tuma ankhoswe akapereke imene uli nayo, akapemphe kuti yotsalayo izibwera mwezi ndi mwezi. Ngati mpira sukoma popanda kuikapo kanthu, patula K20 pa sabata, uiwerenge ngati ndalama ya Mosi imene wamwa kale, uike pa mpira umodzi. Ikapita usaithamangire. Tsiku limene udzayambe kuganiza za kaloba kuti ubweze zimene waluza, bwera kuno usanapite kwa wakalobayo.

Mtsikanayo usamuuze kuti unamuganizira zaufiti. Ndasunga ine.

Azakhali ako

*

Azakhali,

Bambo a kunyumba kwanga anasiya kubetcha mpira, ndinathokoza Mulungu. Koma tsopano akusewera poker pafoni mpaka 2 koloko usiku. Ndikalankhula akuti iyi si njuga, ndi masewera a nzeru, ndipo ku America anthu amadyera momwemo. Mwezi watha ndalama yanga ya chilimba inasowa m'chikwama, atafunsidwa anati «anandimenya pa river». Ine ndinayesa apita kumtsinje. Kodi akunena zoona kuti si njuga?

Mayi wa ana atatu, Estates

Mwana wanga,

Akamwini akunena zoona theka, ndipo theka limenelo ndi limene likukudyera chilimba.

Masewera amene akuchitawo ayenera kuti ndi Texas Hold'em. Makhadi ndi 52 omwe aja. Aliyense amalandira awiri obisa. Asanaone n'komwe, anthu awiri amakakamizidwa kuikapo ndalama, ndiwo ma blinds, kuti pakhale chomenyerana. Kenaka pakati pa tebulo amaika makhadi asanu a onse: atatu oyamba pamodzi ndiwo flop, lachinayi turn, lomaliza river. Ndiye kumtsinje akamwini sanapite, anangogwa pa khadi lomaliza. Nthawi iliyonse munthu angathe kunena check, kudutsa osaikapo kanthu, call, kufananiza ndalama imene mnzake waika, raise, kuwonjezera, kapena fold, kutaya makhadi n'kupulumutsa zotsala. All-in ndi kukankha zonse zimene uli nazo patebulo, ndipo ndikukayikira kuti chilimba chako chinapita ndi mawu amenewa. Pomaliza amafananiza makhadi asanu abwino a aliyense: awiri ofanana amagonja kwa mapeya awiri, amenewo kwa atatu ofanana, kenaka straight ya manambala otsatizana, flush ya mtundu umodzi, full house, anayi ofanana, mpaka pamwamba pa straight flush. Kapena wina amangonamizira kuti ali ndi zoopsa, onse n'kuthawa, ndiyo bluff. Amuna ambiri amakonda mbali imeneyi chifukwa kunyumba anaizolowera kale.

Nzeru zilimo, sindikana. Pa mpira umalimbana ndi kampani imene yaika kale mtengo, pomwe pa poker umalimbana ndi anthu anzako, ndipo wodziwa kuwerenga amadya osadziwa. Tinene akamwini ali ndi makhadi anayi a mitima, akudikira lachisanu pa river kuti akhale ndi flush. Mitima yonse ilipo 13, ndiye yatsala 9 mwa makhadi 46 amene sanawaone. Kamodzi pa kasanu. Ngati patebulo pali K400 ndipo akufunika kuika K100, mtengo ndi mwayi zangofanana, palibe phindu palibe kutaya. Koma ngati pali K600 ndipo akufunika kuika K300, wodziwa amataya makhadi osadandaula, chifukwa akulipira mtengo wa kamodzi pa katatu pa chinthu chobwera kamodzi pa kasanu. Zimenezi amazitcha pot odds. Wosadziwa amati «mtima ukundiuza kuti likubwera», ndipo anthu otere ndi amene amalipirira ana a anzawo sukulu.

Ngakhale wodziwayo amagwa. Ma ace awiri, makhadi apamwamba kuposa onse, amabwera kamodzi pa maulendo 221, koma akakumana ndi peya ina amaluzabe pafupifupi kamodzi pa kasanu. N'chifukwa chake amene amadyeradi poker amakhala ndi thumba lake lapadera, lalikulu, loti likhoza kupirira miyezi yoipa, ndipo sakhudza ndalama ya ufa. Komanso mwini tebulo amatapa pang'ono pa mulu uliwonse, amati rake. Mukakhala anthu asanu ndi mmodzi anzeru zofanana usiku wonse, m'mawa wolemera ndi iyeyo. Kuti upindule uyenera kuposa anzako ndi kuposanso chotapacho, ndipo pafoni sudziwa ngati amene wakhala naye ndi mwana wasukulu kapena katswiri amene akusewera matebulo asanu ndi atatu nthawi imodzi.

Za ku America akunenazo ndikuzidziwa. Mpikisano wa World Series of Poker unayamba ku Las Vegas mu 1970, ndipo mu 2003 munthu wowerengera ndalama wa ku Tennessee, Chris Moneymaker, amene anapeza malo posewera pa intaneti, anawina madola 2.5 miliyoni. Analowa anthu 839. Ochuluka mwa enawo anabwerera kwawo chimanjamanja, ndipo mayina awo akamwini sakuwadziwa.

Koma nkhani yako yaikulu si ya makhadi. Munthu amene watsegula chikwama cha mkazi wake usiku n'kutenga ndalama ya gulu, kaya ndi wanzeru chotani, wadutsa malire. Anasiya mpira n'kupita ku poker, ndiye kuti chilakolako sichinathe, chinangosamuka. Amayi anzako a chilimba sadzafunsa za river, adzafika pakhomo pako ndi zitenje m'chiuno. Kuyambira lero ndalama imeneyo isagonenso m'nyumba, izikhala pa nambala yako, ndipo PIN isakhale chaka chobadwa cha mwana woyamba, chifukwa amachidziwa. Ndalama anatengayo abweze pa malipiro a mwezi uno, ankhoswe a mbali zonse ziwiri amve. Makampani ambiri ali ndi njira yoti munthu adziikire malire kapena adzitsekere yekha akaunti. Akhale pansi achite zimenezo iwe ukuona. Akayamba kukwiya, kunama, kapena kugulitsa zinthu za m'nyumba, usabise poopa manyazi. Imeneyo ndi nthenda, ndipo akuchipatala ndi alangizi a kumpingo amaidziwa.

Ngati akuumirirabe kuti ndi katswiri, uwagulire kope la masamba 32. Alembe tsiku lililonse ndalama yolowa ndi yotuluka kwa miyezi itatu, osadumpha usiku woipa. Kopelo abwere nalo kuno Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ndidzawafunsenso kuti 9 mwa 46 ndi angati pa 100, foni ili m'thumba. Tiyi ndiphika ine. Shuga abwere naye okha, ngati ya shugayo idzakhale ikadalipo.

Azakhali ako